KASUPE WA KU YERIKO NDI ZITSIME ZA KU LUSAKA

M'buku laciwiri la Mafumu, mutu 2, muli nkhani yaifupi imene alaliki ambiri amaidumpha, popeza iima pakati pa nkhani ziwiri zomveka: kukwera kwa Eliya kumwamba, ndi zimbalangondo zija zinang'amba anyamata a ku Beteli. Pakati pa izo pali ndime zinai zokha, kuyambira 19 kufikira 22, ndipo zinena za madzi akumwa.

Amuna a ku Yeriko anadza kwa Elisa ndi dandaulo. Sanadze kudzanena za adani kapena za msonkho wa mfumu. Anamuonetsa kuti malo a mudzi wao ngokoma, monga mneneriyo anakhoza kudzionera yekha, koma madzi ace anali oipa, ndipo dziko silinabala bwino. Yeriko ameneyo anali womangidwanso catsopano, pakuti linga lace linagona cigonere kuyambira masiku a Yoswa kufikira Hiyeli wa ku Beteli analiutsa m'masiku a mfumu Ahabu. Anthu anakonda malowo cifukwa ca migwalangwa yace ndi njira za malonda zopita pamenepo. Koma cimene akazi anatunga m'mawa ndico cimene cinadwalitsa banja.

Elisa anaitanitsa mbale yatsopano yokhala ndi mcere. Sanayende nyumba ndi nyumba kudalitsa mitsuko. Anaturuka kunka ku kasupe, kumene madzi a mudzi wonse anacokera, nathira mcerewo komweko, nauza anthu kuti wociritsa madziwo ndiye Yehova. Kasupeyo atumphukabe ku Yeriko lero lino, ndipo alendo opita kumeneko amucha dzina la Elisa.

Dandaulo la amuna a ku Yeriko likhoza kunenedwa ndi anthu a m'mizinda yambiri ya masiku ano, imene ikula msanga kopambana mphamvu ya oisamala. Koma owerenga kalendala iyi sasowa kufuna citsanzo kutali. Ciri pa mapeto a mseu waukulu wocokera ku Chipata, wopyola Katete, Petauke ndi Nyimba, nuoloka Luangwa. Kodi ndi banja liti la kum'mawa lopanda mwana, mphwao kapena mdzukulu ku Lusaka?

Mzinda umenewu unayamba m'caka ca 1905 ngati kasiteshoni ka njanji, pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. M'caka ca 1935 Boma la Azungu linasamutsa likulu la dziko kucoka ku Livingstone kudza kumeneko. Linalinganiza mzinda wa miseu yotakata ndi mitengo ya mthunzi, wokhalamo anthu owerengeka. Anthu akuda linawayesa alendo odzagwira nchito, oyenera kubwerera kwao nchito itatha, cotero silinawakonzere malo okwanira. Iwo anadzimangira pa mapulazi a Azungu ndi pafupi ndi maenje okumbamo miyala, kunja kwa malire a mzinda. Makomboni ambiri anayamba motero. Kalembera wa 1963 anapeza anthu monga 123,000. Ufulu utadza m'caka ca 1964, malamulo oletsa anthu kukhala m'tauni anatha, ndipo makamu anasefukira. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2,200,000. Pamene panaima munthu mmodzi tsopano paima pafupifupi 18, ndipo zonsezi zacitika m'moyo wa nkhalamba imodzi. Mwa anthu khumi ali onse, monga 7 akhala m'makomboni onga Kanyama, Chawama, Misisi, George, Chazanga ndi komboni ya Chipata.

Wina asanyoze amene anapita. Malowo ngokomadi. Kumeneko kuli cipatala cacikulu ca dziko, sukulu zapamwamba, ndi msika wa Soweto kumene mlimi agulitsa nshawa ndi nyemba zace. Malata a pa macalici ambiri a kumidzi anagulidwa ndi ndalama zocokera kwa ana a m'makomboni omwewo. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Ndipo matope a ku Lusaka ayenera kufotokozedwa bwino, cifukwa ambiri amaopa kolera osadziwa njira imene adzera.

Pansi pa mbali yaikulu ya mzindawo, makamaka kumwera ndi kumadzulo, pali thanthwe la mwala wa laimu. Mwala umenewu madzi amaudya pang'onopang'ono, kotero kuti m'kati mwace muli ming'alu ndi mapanga monga m'culu ca ciswe. Dothi la pamwamba nlocepa. Kumudzi, kumene dothi liri lakuya, madzi a m'cimbudzi amasefeka potsika, ndipo citsime ciri kutali. Ku Kanyama sikutero. Wokumba dzenje akomana ndi mwala asanafike m'ciuno, kapena akomana ndi madzi. Ndipo cimene calowa m'mng'alu ciyenda cosasefeka, nicikaturuka m'citsime ca munthu wina amene mwini cimbudziyo sadziwa ngakhale dzina lace. Nyumba zambiri za mu Lusaka, monga 9 mwa khumi, sizifikidwa ndi mipope yocotsa zonyansa. Eni ace ali ndi zimbudzi zokumba kapena matanki a pansi. Tsono madzi akumwa a mzindawo ena acokera ku mtsinje wa Kafue, koma ena ambiri apopedwa pansi pa mzinda womwewo. Mzinda wakhala pamwamba pa mtsuko wace womwera, nutaya zonyansa zace pakamwa pa mtsukowo. Ndipo si osauka okha ocita izi. Wolemera womanga nyumba ya mpanda, nakumba citsime ca makina kuno, ndi tanki ya zonyansa apo, pa kapuloti kamodzi, wacita comweco, kungoti wacicita ndi simenti.

Dzinja likafika, mabvuto aculuka. Dziko la kumeneko nlathyathyathya, ndipo ngalande zadzala ndi mapulasitiki, mabotolo ndi makoko a cimanga. Madzi saiwala khwawa: kumene kunali dambo kale abwerera komweko, angakhale apeze nyumba. Zimbudzi zisefukira, ndipo ana apita ku sukulu napyola m'madzi omwewo. Alipo ena amene aboola cimbudzi cao usiku, mvula iri kugwa, kuti madzi atenge za m'katimo, iwo apulumuke kulipira okapa. Munthu wotere sanagwire nkhwangwa kapena mkondo, ndipo pa Sabata adza ku calici ndi malaya oyera. Koma patapita masiku atatu, pa nyumba yacisanu kucokera pa yace pamveka maliro a mwana. Kodi pamaso pa Mulungu mlandu umenewo uli pa yani?

M'mwezi wa Okutobala 2017 kolera anayamba m'komboni ya Chipata, nafika ku Kanyama. Pofika Meyi 2018 odwala m'dziko lonse anali monga 5,900, ndipo akufa anali 114, ambiri a iwo a mu Lusaka. Pulezidenti Edgar Lungu anaturutsa asilikali kuti asese miseu ndi misika. Ogulitsa m'mbali mwa miseu anacotsedwa, zitsime zosaya zinakwiriridwa, sukulu zinacedwa kutsegulidwa, ndipo m'madera okanthidwa kwambiri mapemphero a pamodzi analetsedwa. Ku Kanyama kunaikidwa lamulo lakuti munthu asayende usiku, ndipo m'Januwale anthu anacita cipolowe, popeza wogulitsa tomato akaleka tsiku limodzi ana ace agona ndi njala. Mzinda unayera masabata angapo. Matenda atatha, zinyalala zinabwerera m'malo mwace.

M'Okutobala 2023 kolera anabweranso, wamkulu kopambana. Odwala anaposa 20,000, ndipo akufa anaposa 700. Bwalo la mpira la National Heroes Stadium, lomangidwira cisangalalo, linasanduka cipatala kaciwiri. Sukulu zoyenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Ambiri anafera m'nyumba kapena pa njira, asanafike kwa a cipatala. Mitembo inaikidwa mofulumira, pamaso pa abale owerengeka; ndipo kumidzi kunali amai amene anamva uthenga pa foni mwana ataikidwa kale, osaona nkhope yace, osaponya dothi m'manda mwace. Matendawo sanakhale ku Lusaka kokha. Anakwera basi, nafika m'zigawo zonse khumi za dziko.

Pa nthawi zotere mtima wa munthu ufuna wina womloza cala. Ena ati ndi ufiti, ena ati ndi mkwiyo wa Mulungu pa zoipa za m'tauni, ena ati anthu akuda sadziwa ukhondo. Onsewa amve zimene zinacitika ku London m'caka ca 1854, pamene mzinda umenewo unali kukula monga akulira Lusaka lero. Kolera anagwa m'dera la Soho, napha anthu 616. Anthu ophunzira a masiku amenewo anakhulupirira kuti matendawa adza ndi pfungo loipa. Sing'anga wina, John Snow, anawerenga nyumba za maliro, naona kuti zazinga pampu imodzi ya madzi pa mseu wa Broad Street. Napempha akulu a deralo, ndipo pa 8 Seputembala anacotsa cogwirira ca pampuyo.

M'dera lomwelo munali mbusa wacinyamata, Henry Whitehead, wa calici ca St Luke. Iye sanabvomereze mau a Snow, ndipo anayamba kuyenda khomo ndi khomo kuti amtsutse, popeza anadziwa nkhosa zace ndi maina. Koma pofunsa amasiye za madzi amene akufawo anamwa, anapeza kuti sing'angayo ananena zoona. Ndipo ndiye amene anapeza ciyambi ceniceni. Pa nyumba ya nambala 40 panali khanda lodwala m'mimba matenda asanawande. Mai wace anabviika matewera m'ndowa, nataya madziwo m'dzenje la zonyansa pakhomo, mapazi owerengeka kucokera pa citsime. Atakumba, anapeza njerwa za dzenjelo zitabvunda, ndi madzi ace alikukha kunka m'citsimemo. Maiyo sanali mfiti. Anali mai wosamala mwana wace, wokhala m'mudzi womangidwa moipa. Pambuyo pace Boma linakumba ngalande zazikulu za pansi, zimene Joseph Bazalgette anazilinganiza, ndipo mliri wotsiriza wa kolera ku London unali wa 1866. Mbusa uja ayenera kukumbukika cifukwa ca cinthu cosowa pakati pa atumiki a Mau: anafunsa, namva, nasintha maganizo ace poyera.

Koma kale lomwe, Snow asanabadwe, cilamulo ca Mose cinanena za nkhaniyi mosabisa mau. M'Deuteronomo 23, pa malamulo a nkhondo, msilikali wa Israyeli analamulidwa kukhala ndi cokumbira pamodzi ndi zida zace, ndi kuturuka kunja kwa cigono, kukumba, ndi kufotsera zoturuka m'thupi mwace. Cifukwa cace sicinachulidwe kuti ndi matenda. Cinachulidwa kuti Yehova ayenda pakati pa cigonoco, ndipo cigono ciyenera kupatulika. Alipo Akristu amene ayesa kuti kupatulika ndi nkhani ya mowa, fodya ndi cigololo basi, ndi kuti mau a cimbudzi sayenera kumveka pa guwa. Mose sanacite nao manyazi. Ndipo lamuloli linaperekedwa za cigono, pamene anthu ambiri aunjikana pa malo amodzi. Mbusa wa nkhosa ali yekha m'cipululu sapweteka munthu. Mkhalidwe umene unali wosaopsa pa mudzi wa nyumba khumi, chire liri ponseponse, usanduka wakupha pamene mabanja khumi akhala pa puloti imodzi. Wocoka kumudzi sangatenge miyambo yonse ya kwao m'thumba monga atengera ufa.

M'Januwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analangiza anthu osowa nchito yeniyeni m'tauni kuti abwerere kumidzi, kumene kuli malo. Mau amenewo ali ndi nzeru yace, ndipo mnyamata wongoyendayenda pa siteshoni, munda wa atate ace uli kumera chire, acita bwino kuwamvera. Koma anthu 2,200,000 sadzabwerera. Ambiri anabadwira komweko, ndipo kwao ndi ku Chawama. Elisa sanauze a ku Yeriko kuti asamuke. Yeremiya yemwe, polembera andende a ku Babulo, anawauza kuti amange nyumba, alime minda, nafunire zabwino mudzi umene akhalamo. Nchito iri pa kasupe.

Ndipo kasupe wa mzinda saciritsidwa ndi munthu mmodzi. Buku la Nehemiya, mutu 3, lichula maina a omanga linga la Yerusalemu, yense ndi gawo lace. Ambiri anamanga pandunji pa nyumba zao, ndipo Salumu anamanga pamodzi ndi ana ace akazi. Pakati pao pali Malikiya mwana wa Rekabu, amene anali mkulu wa dera, ndipo gawo lace linali cipata ca kudzala, poturukira zinyalala za mudzi. Dzina lace lalembedwa m'mutu womwewo ndi dzina la Eliyasibu mkulu wa ansembe. A Malikiya alipo ku Lusaka. Kale okapa zimbudzi anagwira nchito usiku, mobisala, nakwirira zokapazo m'dzenje pambali pa cimbudzi, momwe mvula inazipezanso. Kuyambira caka ca 2013, pansi pa bungwe la Kanyama Water Trust, amuna ena ayamba kuigwira usana, atabvala majombo ndi zochinjiriza manja. Athira zokapazo m'migolo yotseka, naikankha pa ngolo kunka ku nkhokwe ya pansi yomangidwa ndi simenti, kumene ziola; zotsala aziumitsa, zisanduka manyowa. Ku Chazanga anatsata m'caka ca 2014. Anthu agwira mphuno amunawa popita. Koma mpingo wodziwa Malembo uyenera kuwakhazika pa mipando ya patsogolo, pakuti ana ambiri a sukulu ya Sabata ali ndi moyo cifukwa ca migolo imeneyo.

Mutu womwewo unenanso kuti omveka a ku Tekoa anakana kuweramitsa makosi ao ku nchito. Iwonso ali nao adzukulu. Alipo eni nyumba amene amanga zipinda khumi ndi ziwiri za lendi, ndi cimbudzi cimodzi, nafuna ndalama zao tsiku loyamba la mwezi. Alipo ogulitsa mapuloti pa dambo ndi pa njira ya madzi, podziwa kuti mvula ikadza iwo adzakhala kwina. Ilipo mipingo yosonkha ndalama za zokuzira mau, pamene anthu 300 apemphera pa malo opanda posamba m'manja. Ndipo Boma nalo liri ndi gawo limene munthu wamba sangathe kuligwira: mipope, ngalande zazikulu, magalimoto otengera zinyalala ku dzala la ku Chunga, ndi lamulo losayang'ana nkhope. Zina zacitika. Kuyambira 2013 kufikira 2018, ndi thandizo la dziko la America la madola 355 miliyoni, anakonza mipope ndi ngalande, pamodzi ndi ngalande yaikulu ya Bombay. Ndipo nchito yochedwa Lusaka Sanitation Program inayamba m'caka ca 2015. Komabe mliri wa 2023 unadza pambuyo pa zonsezi, cifukwa nyumba zimera msanga kopambana mipope. Kufikira kumene mpope unalekeza caka catha, lero kutsogolo kwace kuli komboni yatsopano.

Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Chipata analandira dzina la mzinda m'caka ca 2017, ndipo nyumba zikwera m'mapiri ace. Katete, Sinda, Petauke ndi Lundazi akula caka ndi caka. Pa mphambano pamene panali sitolo imodzi ndi cigayo, lero pali msika ndi mizere ya nyumba. M'Januwale 2023 kolera anaoneka ku Vubwi, m'malire a Malawi, kutali ndi makomboni a ku Lusaka. Malo otere ali pa msinkhu umene Lusaka anali nao kale, pamene kukonza kunali kosabvuta. Mfumu kapena nyakwawa yogawa malo lero ikhoza kusiya njira ya madzi yosamangapo, kupatula malo a dzala ndi a zimbudzi za pa msika, ndi kukana kuti cimbudzi cikumbidwe kumtunda kwa citsime, kapena pafupi naco kosafika mamita 30. Pa dziko la mwala wong'aluka ngakhale mamita amenewo sakwanira. Akulu a mpingo okonza msonkhano wa misasa ayambe ndi maenje ndi madzi, asanayambe kumanga guwa. Pakuti msonkhano wotere ndiwo cigono cimene Mose ananena.

Ilipo miyambo ina yabwino yofunika kuikonza pang'ono. Mbale imodzi yosambiramo m'manja, yoyambira kwa wamkulu nitsirizira kwa mwana, ipatsa mwanayo litsiro la onse. Ulemu sutha ngati mtsikana agwada ndi kuthirira yense madzi kucokera m'kapu, sopo kapena phulusa liri pambali. Pa maliro a munthu wakufa ndi kutsegula m'mimba, osambitsa mtembo asakhudze nkhali kapena mtsuko, ndipo a cipatala akalamula za kaikidwe, abale asalimbane nao. Mnyamata wokwera basi kunka ku Lusaka amlangize za akuba ndi za mowa monga mwa masiku onse. Koma amuuzenso kuti pofuna cipinda ayambe waona cimbudzi, afunse kumene atunga madzi, ndipo asamwe madzi a m'citsime cosaya osawawiritsa kapena kuthiramo klorini, angakhale aoneke oyera ngati a m'botolo.

Mcere wa Elisa unali cizindikiro, ndipo mphamvu inali ya Yehova. Koma Iye waikanso m'mcere wamba thandizo limene nyumba iri yonse ikhoza kukhala nalo. Kolera apha mwa kutha madzi m'thupi, ndipo akhoza kugwetsa munthu wamphamvu tsiku lisanathe. Wina akayamba kutsegula m'mimba zonga madzi otsukira mpunga, a m'nyumba atenge lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa, athiremo timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mcere, kapena paketi ya ku cipatala ngati iripo. Amwetse wodwalayo pang'onopang'ono, osaleka, ngakhale asanze, khanda liyamwebe. Ndipo amnyamule usiku womwewo, pa njinga kapena pa ngolo, alikumwa pa njira, osadikira kuti kuce.